Mbale imene sindinagogode

Nkhandwe ija ndinaitola ndikuyesa kagalu. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa pamudzi pano alipo ena amene amakambabe ngati ndinachitira dala.

Unali mwezi wa Okutobala, moto utangodutsa m'munsi mwa nkhalango ya paini. Amayi a m'mudzi tinapita kukatola nkhuni palupsa, poti moto ukadutsa nthambi zimaonekera poyera. Mwana wanga wamkazi anali ndi miyezi iwiri, ali kumsana. Ine ndinatsalira m'mbuyo monga mwa masiku onse. Kwathu ndi kuseri kwa Mphunzi, kuno ndinabwera chitengwa, ndipo nthawi imeneyo ndinali ndisanazolowere. Anzanga akamaseka nkhani zawo ndinkasowa polowera. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndiye ndikati ndiyankhule pagulu mawu ankandithera pakhosi.

Pansi pa chitsa chopserera panali una, ndipo pakhomo pa unawo panagona kanthu kotuwa, kakulira motsitsa. Maso anali otseguka koma miyendo inali gwedegwede, ubweya wa pamsana utawauka. Ndinaganiza kuti galu wina wa m'mudzi anakaswera kutchire, monga amachitira agalu ena, ndiye moto wamubalalitsa ndi ana ake. Ndinamasula nkhata yanga n'kukakulunga m'menemo. Mtolo wa nkhuni ndinausenza pamutu popanda nkhata, ndipo liwombo linandipweteka masiku atatu.

Amuna anga amacheka matabwa kuphiri. Atabwera madzulo anakanyamula ndi dzanja limodzi, nakayang'ana uku ndi uku.

"Kagalu kanji ka makutu ngati mleme?" anatero akuseka. "Chabwino, kazikatilondera mbatatesi kudimba."

Apongozi anga aakazi, amene nyumba yawo yayang'anizana ndi yathu, anangoti, "Mwana ali kumsana, wina mwakatola kutchire. Muli ndi mphamvu, mayi."

Ndinkakapatsa phala la mgaiwa m'kambale kachitsulo kobenthuka m'mphepete. Phala likazizira ndinkagogoda kambaleko ndi supuni katatu, ngo ngo ngo, ndipo kulikonse kumene kanali kankabwera kakuthamanga. Sindinakapatse dzina. Kuitana kwake kunali komweko.

Chimene sindinauzepo munthu n'chakuti ndinkacheza nako. Ndikamapalira kumunda, mwana atagona pamthunzi, iko kankakhala pamzere n'kumandiyang'ana, ine n'kumayankhula. Ndinkakauza kuti ndawasowa amayi anga. Ndinkakauza zimene ndikanayankha kuchitsime munthu wina atandiseka kuti ndimayenda ngati ndataya singano. Pamaso pa anthu mayankho amenewo sankabwera, koma kumunda ankabwera ambirimbiri, ena oseketsa ndithu. Ndinkaseka ndekha, iko kali makutu tcheru.

Zizindikiro zinalipo, ine ndiye sindinafune kuziona. Sikanauwepo ngakhale tsiku limodzi. Mchira unakula wa ubweya wambiri, kunsonga kwake koyera, ndipo m'nthiti munatuluka mzere ngati wojambula ndi phulusa. Kankadya masuku ogwa ndi ngumbi. Mlendo akafika kankalowa pansi pa nkhokwe osatulukanso mpaka atapita. Kenaka anapiye a apongozi anayamba kuchepa. Iwo ankati ndi mphamba, ine ndinkadziwa, poti nthenga ndinkazipeza kuseri kwa bafa n'kuzikwirira.

Tsiku lina m'mwezi wa Malichi, dzuwa litangolowa, anthu akadali panja, kanakhala pachulu kuseri kwa nyumba yathu n'kulira. Bwe! Bwe! Bwe! Palibe amene sadziwa kulira kwa nkhandwe, ndipo kuno timakula tikumva kuti nkhandwe ikalira pamudzi ndiye kuti kugwa maliro.

Patapita masiku anayi, achimwene awo a apongozi anamwalira. Anali atadwala chifuwa zaka ziwiri, aliyense ankadziwa. Koma kumaliroko, ine ndikudula kabichi pakati pa amayi anzanga, wina anayankhula osandiyang'ana.

"Ena amaweta nkhuku, ena amaweta malodza."

Anzake anaseka chamumtima. Mayi wina wa kumphakati kwathu anawadzudzula kuti Akhristu sakhulupirira zimenezo, koma nditapita kukatunga madzi, ndowa yanga inakhala yodzaza mpaka madzulo. Palibe anatungamo. Anyamata anayamba kuzungulira kumunda kwathu ndi zibonga.

Amuna anga ndiwo anakauza anthu a zankhalango kuntchito kwawo, ndipo iwo anaitana ena osamala nyama zakutchire. Kunabwera galimoto ndi bokosi lamatabwa la chitseko cha waya. Amene ankatsogolera anali mayi wamtali wovala majombo, wa mawu aakulu ngati akuyankhula ndi munthu wa tsidya lina la mtsinje. Nkhandwe inali italowa m'chimanga. Anaisaka mpaka dzuwa linafika pamutu, osaiona. Kenaka mayi uja anabwera pamene ndinaima, pakona pa nyumba.

"Achemwali, mumaiitana bwanji?"

Ndinalowa m'nyumba, n'kutenga kambale ndi supuni. Ndinathiramo phala. Ndinagogoda katatu. Chimanga chinagwedera, ndipo inatulukira, ikuyang'ana anthuwo mwamantha, koma ikubwerabe kwa ine. Ndinaika kambale m'kati mwa bokosi. Inandiyang'ana kaye, n'kulowa. Chitseko chinagwa. Sinalire. Inangoima m'menemo, phala osalikhudza, maso ali pa ine kudzera pawaya. Asananyamuke, mayi uja anasolola kambale kaja n'kundibwezera.

Pamudzi zinthu zinazizira pang'onopang'ono. Anthu anayambanso kutunga m'ndowa yanga. Koma ine chinanditsalira chinthu chimodzi pamtima. Miyezi isanu yonse kugogoda kuja kunali koona, ndikagogoda chakudya chinalipo ndipo panalibe choopsa. Ulendo womaliza ndinagogoda monama. Ndinkafuna kugogodanso kamodzi kokha, ibwere, idye, ione kuti palibe bokosi.

Mu Novembala amuna anga anabwera ndi nkhani. "Akuti nkhandwe yako aimasula mvula ikangoyamba. Akaisiya kunkhalango yakutali." Anavula nsapato. "Lachinayi si upita kusikelo kuboma? Kuchokera pamenepo a njinga zamoto amakudziwa kumalo kumene akuisunga. Ine sindinanene kanthu."

Lachinayi ndinamuyezetsa mwana m'mawa. M'chikwama munali buku la kusikelo, thewera, usipa wokazinga wokulunga m'pepala, kambale kaja ndi supuni yake. Njinga yamoto inasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wokwera ndi kutsika, mpaka mitengo ya paini inatha, tinalowa m'nkhalango ya misuku ndi mombo. Pansi ponse panali masuku ogwa, fungo lake lili guu. Pachipata ndinaima nthawi yaitali ndisanaodire. Ndikanatha kubwerera pomwepo, koma wa njinga anali atapita kale.

Amene anatsegula anali mayi wa majombo yemwe uja. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Aa! Si inu achemwali a kambale aja? Ndiye kamwanaka kakula chonchi? Lowani, lowani. Musaope, oluma onse tawatsekera, kupatula ine."

Anayamba wandionetsa nyama zimene alendo amaloledwa kuona. Mumpanda waukulu wa waya, pansi pa mitengo, munali mimbulu iwiri. Ine mimbulu ndinkangoimva m'maulaliki kutchalitchi, ndipo ndinkaiganizira ngati zilombo zazikulu zakuda. Koma inali ngati agalu oonda a miyendo yaitali, makutu obulungira, thupi la mawangamawanga ngati chitenje chosuluka. Fungo lake ndiye linali lamphamvu. Umodzi unalibe mwendo wakutsogolo.

"Khwekhwe la waya," anatero mayi uja. "Munthu anatchera nguluwe, munakodwa uyu. Mnzakeyo diso limodzi saona. Kutchire mimbulu imadya ndi liwiro, ndiye awa sangabwererenso. Tikalamba nawo konkuno."

Wa miyendo itatu uja unkayenda m'mphepete mwa waya, kukafika pakona, kubwerera, kukafikanso pakona ina. Pamene unkadutsapo udzu unali utatha, patatsala kanjira kosalala ngati ka kuchitsime.

Mpanda wotsatira unali waung'ono. Tisanafike n'komwe, nkhandwe inathamangira kuwaya, ikugwedeza mchira, n'kudzigwetsa chagada. Ndinayesa ndi yomwe ija. Koma sinali yanga, iyi inali yonenepa ndi yotuwa kukamwa.

"Awa ndi abwana," anatero mayi uja akuikanda ndi kamtengo. "Analeredwa pa golosale ina zaka zitatu, akudya mabisiketi. Bwanji abwana, mwadzuka? Mukuona mmene akuchitiramu? Titawamasula lero, mawa ali pakhomo pa munthu kupempha. Ndiye inu mukudziwa bwino chimene anthu amachita nkhandwe ikafika pakhomo."

Ndinkadziwa. Ndinakumbuka zibonga zija.

"Nanga yanga ili kuti?" Mawu anatuluka aang'ono, moti anachita kuwerama kuti amve.

Analoza kumtunda, kumene mitengo inali yothithikana. Anati kumeneko alendo safikako. Kuli mpanda waukulu wotchingidwa ndi udzu kuzungulira, kuti nyama ya m'katimo isaone munthu. Chakudya amaponya pamwamba pa mpanda, nthawi zosiyanasiyana ndi malo osiyanasiyana, ndipo woponyayo sayankhula ngakhale kutsokomola. Miyezi yoyamba nkhandwe yanga inkati ikamva mapazi n'kuthamangira kumpanda. Ankaiopseza ndi zitini mpaka inasiya. Tsopano miyezi itatu inali itatha isanayandikire munthu, ndipo mbewa inkagwira yokha.

"Ntchito yathu ndi yoipa, achemwali," anatero. "Ena amaphunzitsa nyama kukonda anthu. Ife timaziphunzitsa kutida."

Sindikudziwa chimene chinandilimbitsa mtima. Ndinatsegula chikwama n'kutulutsa kambale ndi usipa uja. Ndinafotokoza zonse, mawu akudukaduka, za kugogoda konama kuja. Mayi uja sanaseke. Anakhala pachitsa, navula jombo imodzi n'kukhutula kamwala.

"Ndakumvani. Koma tamverani nanunso. Mukagogoda, mwina ibwera. Ikabwera, ine sindingabise, ndiyenera kukanena kuti nyamayi ikadali ya anthu. Akatero saimasula. Ilowa mumpanda uwu, pafupi ndi abwanawa, mpaka imfa. Inuyo mupita kwanu mtima utapepuka, iyo itsala muno. Ndiye sankhani."

Ndinayang'ana pansi. Nyerere zinali kukoka khungu la suku.

"Kungoiona kokha?" ndinafunsa.

Anapuma mwamphamvu. "Mundichotsetsa ntchito inu. Chabwino. Pali kabowo kamene timasuzumirirapo. Kambaleko ndi usipa musiye pano. Pakamwa potseka. Kamwanaka kakangoti n'yee, tibwerera."

Ndinasiya kambale ndi usipa pachitsa. Supuni sindinasiye. Inali m'dzanja langa pansi pa chitenje, ndipo sindinganame kuti ndinaiwala.

Tinakwera kanjira kakang'ono. Pakati panjira mayi uja anatapa fumbi n'kuliwaza m'mwamba kuti aone kumene mphepo ikulowera, kenaka tinazungulira mbali ina kuti mphepoyo izitiomba kumaso. Mwana anali mtulo kumsana. Tinafika pampanda wa udzu wautali kuposa munthu. Kabowo kanali kokwana maso awiri, ndipo pambali pake penipeni panali nsanamira yachitsulo yogwira waya. Ndinaiona nsanamirayo ndisanaone china chilichonse. Supuni pachitsulo imalira chimodzimodzi.

M'katimo munali tchire lenileni, misuku, miyala, udzu wouma ndi chulu. Ndinasuzumira mpaka khosi linauma, osaona kanthu. Njiwa zinkalira. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndi bwino ndisaione. Kenaka chimene ndinkachiyesa mwala, pansi pa msuku, chinaimirira.

Inali itatalika, yoonda kuposa mmene ndinkaiganizira, koma ubweya uli salalala. Pamsana pamene panawauka paja panamera ubweya woderako. Kayendedwe kake ndiko kanali kachilendo. Kwathu inkayenda poyera ngati galu. Apa inkayenda pang'ono n'kuima, kumvetsera, kuyendanso. Inatola suku, n'kulavula nthangala. Kenaka inaima duu, mutu utapendekeka, n'kudumpha m'mwamba miyendo yonse inayi, kukagwera muudzu. Podzuka, kamchira ka mbewa kanali lende pakamwa. Zimenezo sindinaiphunzitse ine.

Mwana anadzuka nthawi yomweyo. Anasuzumira paphewa panga, ndipo pakati pa udzu ayenera kuti anaona chinthu chikuyenda, chifukwa anatambasula dzanja n'kunena mawu ake amene amaitanira galu aliyense.

"Gagu!"

Ndinamukokera kutsogolo msangamsanga n'kumuika bere m'kamwa. Nditabwezera diso pakabowo, nkhandwe inali itaima, makutu onse awiri ataloza kwa ife. Sinathawe. Inaponda kamodzi kubwera kuno, kenaka kawiri, mphuno ili m'mwamba.

Dzanja langa lamanja linali litatuluka m'chitenje. Supuni inali pafupi ndi nsanamira moti chala chimodzi chokha ndicho chikanalowa pakati. Mayi uja anaiona. Sanandigwire dzanja, anangondiyang'ana. Ndinadziwa kuti ndikagogoda ibwera. Ndinalibe chikayiko ngakhale pang'ono, ndipo mwina kudziwa kumeneko n'kumene ndinadzera ulendo wonsewu. Koma m'maso mwanga munabwera kanjira kosalala kaja ka mmbulu wa miyendo itatu, kuchoka pakona kukafika pakona.

Moyo wanga wonse anthu akhala akundinena kuti ndine wosayankhula. Amayi anga ankati ndidzafa ndi njala pakati pa chakudya chifukwa choopa kupempha. Ndakhala chete nthawi zambiri chifukwa cha mantha, mawu ndili nawo. Tsiku limenelo ndi loyamba limene ndinakhala chete nditasankha ndekha, ndipo kunali kovuta kuposa kuyankhula kulikonse.

Ndinalowetsa supuni m'bulauzi, kuti ingagunde chitsulo mwangozi. Mwana ankayamwa, akundikanda pachifuwa. Nkhandwe inaima pamenepo kanthawi. Kenaka, popanda chimene ndinamva ine, inatembenuka n'kuthawa chokwawa, mchira uli pansi. Chomaliza kuona chinali nsonga yoyera ija ikulowa kuseri kwa chulu.

Tinatsika osayankhula mpaka pachitsa paja. Pamenepo mayi uja anadziponya pansi n'kuvula chipewa.

"Mayo ine! Achemwali, supuni ija munaibisa kuti? Mukanandipha ndi mtima. Anthu ofatsa inu ndinu oopsa."

Ndinaseka, misozi ikutuluka. Anandisiya ndilire, iye akusewera ndi mwana, kumuveka chipewa chake. Nditatontholako ndinafunsa chimene chinali pamtima.

"Kodi inandidziwa?"

"Mphepo imabwera kwa ife, fungo lanu silinaifike. Inamva mawu a munthu, inafuna kudziwa, kenaka inakumbuka kuti munthu ndi woopsa. Ndi zimene timafuna." Anandiyang'ana, n'kuwonjeza motsitsa, koyamba tsiku lonselo. "Koma kuti ifike pothawa chonchija, inayamba yakhala moyo. Phala lija linali lanu."

Usipa tinapatsa abwana aja. Ndinauthira m'kambale, ndipo sipanafunike kugogoda, anali atafika kale pawaya akulira ngati mwana. Anadya n'kunyambita mbale, kenaka anagona chagada kuti ndiwakande. Ndinawakanda. Si mlandu wawo.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka. Apongozi anali pakhonde akusankha nyemba.

"Sikelo ya lero inatalika," anatero.

Mwana anali atagwira masuku awiri amene mayi uja anamutolera. Apongozi anawayang'ana.

"Masiku ano kuchipatala akugawa masuku?"

Bodza ndinali nditalikonza m'njira, loti kunali mzere wautali. Koma ndinakhala pansi pafupi nawo n'kuwauza kumene ndinapita. Ndinawauza za mimbulu, za mpanda wa udzu, ndi zoti aimasula mvula ikagwa. Za supuni sindinanene. Iwo anapitiriza kusankha nyemba, osadzutsa mutu, moti ndinayesa akwiya. Kenaka anataya kamwala kunja n'kufunsa.

"Yanenepa?"

"Ayi, yaonda. Koma ikugwira mbewa yokha."

"Hm. Anapiye anga aja inaphunzirirapo."

Mvula inagwa sabata yachiwiri ya Disembala, ngumbi zinatuluka. Patapita masiku angapo amuna anga anabwera ndi uthenga wochokera kwa mayi wa majombo uja, woti anakaisiya kunkhalango yakutali, ndipo atatsegula bokosi inatuluka osacheuka. Kuyambira pamenepo sindinamvenso za iyo. Kaya ili moyo, kaya inapeza inzake, sindikudziwa, ndipo palibe amene angandiuze.

Kambale kaja tsopano amadyeramo mwana. Wafika pa msinkhu wofuna kudya yekha, ndipo phala likatha amamenya mbale ndi supuni kuti ndimuonjezere. Akamenya, maso anga amathamangira okha kumphepete kwa chimanga. Ndimayang'ana kanthawi, mapesi osagwedera, kenaka ndimatenga mphika n'kumuonjezera.